Tagulitsa ng'ombe zokoka ngolo n'kugula tiana ta ng'ombe: Richmond ndi draft ya 2024

Nyalugwe_wa_PuntRoad
Abale, ndilankhule pano chifukwa kunyumba kuno palibe wondimvetsa. Mayi a ana amangoti mpira wa dzirawu, wa ligi ya AFL kuno ku Australia, undipatsa BP pachabe. Draft, pomwe matimu amasankha osewera achinyamata motsatana, yatha dzana, anzanga a Richmond kuntchito akuvina ngati tanyamula chikho, koma ine tulo sindikulipeza. Taonani zomwe tachita. Shai Bolton wapita ku Fremantle, Daniel Rioli watsatira kochi wathu wakale Hardwick ku Gold Coast, Liam Baker ndi Jack Graham ali ku West Coast, Dustin Martin wapuma. Onsewa ali ndi mendulo za premiership m'nyumba mwawo. M'malo mwawo tabweretsa ana asanu ndi atatu oti ndevu sizinamere bwinobwino: Sam Lalor pa nambala wani, Josh Smillie pa 7, Taj Hotton pa 12, Jonty Faull pa 14, ndi ena. Timu yomwe yapambana magemu awiri okha sizoni yonse ikuthamangitsanso anthu ochepa amene amautha mpirawo. Kwathu ku Dowa munthu akagulitsa ng'ombe zokoka ngolo n'kugula tiana ta ng'ombe, achibale amamukhazika pansi. Funso langa ndi ili: ilipo timu yomwe inachitapo zoterezi n'kupindula, kapena tikungodzinamiza?

MphakaWaKardinia
Pepani achimwene. Maliro tidzabwera, ufa tisonkha.

Nyalugwe_wa_PuntRoad
Inu a Geelong Cats musayambe. Ndafunsa anthu, osati amphaka.

Kabawi_3135
Yankho la funso lanu lilipo, ndipo ndi Hawthorn. Mu 2001 tinapereka Trent Croad ndi Luke McPharlin ku Fremantle, masapota anakwiya zedi, koma pick (malo osankhira pa draft) yomwe tinapeza ndi imene inabweretsa Luke Hodge. Draft yomweyo tinatola Sam Mitchell pa 36. Kenako mu 2004 tinatenga Jarryd Roughead pa 2, Lance Franklin pa 5, Jordan Lewis pa 7, usiku umodzi. Chikho chinabwera 2008, n'kudzabweranso 2013, 2014 ndi 2015. Ndiye musalire kwambiri. Chomwe Richmond yachita bwino n'chakuti ana onsewa abwera limodzi, akulira limodzi, adzafika zaka 24 limodzi. Kutenga mwana mmodzi wabwino chaka chilichonse n'kumamuponya m'timu yofooka ndiye kumene kumaononga.

Koma ndikukumbutseni kuti pa draft ya 2004 ija, pakati pa Roughead ndi Franklin panali pick 4, ndipo inali ya Richmond. Munatenga Richard Tambling, Franklin ali poteropo akukuyang'anani.

Nyalugwe_wa_PuntRoad
Ndinadziwa kuti nkhani ya Tambling ituluka. Zaka makumi awiri zapita koma simutopa.

Kangaroo_Wolira
A Kabawi, mukunena za timu imodzi yomwe zinayenda. Ine ndikuuzeni za zomwe sizinayende, chifukwa ndikukhala m'katimo. North Melbourne yakhala pansi pa tebulo kapena pafupi ndi pansi kuyambira 2020. Tatenga Jason Horne-Francis pa 1, Harry Sheezel pa 3, George Wardlaw pa 4, Colby McKercher pa 2, Zane Duursma pa 4, pano Finn O'Sullivan pa 2. Ana abwinoabwino, Sheezel ndiye osanena. Koma Loweruka lililonse ndimakwera sitima kupita ku Marvel Stadium kukaona ana anga akukwapulidwa ndi madoda. Mwana wa zaka 19 sangakankhane ndi munthu wa zaka 28 amene wakhala mu jimu zaka khumi. Kota yoyamba amathamanga bwino, ikafika kota yomaliza miyendo yatha.

Carlton inatenga nambala wani zaka zitatu zotsatizana, Marc Murphy 2005, Bryce Gibbs 2006, Matthew Kreuzer 2007. Chikho chawo chomaliza chikadali cha 1995. Melbourne inatenga Jack Watts 2008, chaka chotsatira Tom Scully ndi Jack Trengove pa 1 ndi 2. Scully anangokhala zaka ziwiri n'kunyamuka ulendo wa ku GWS, timu ya kumadzulo kwa Sydney. Gold Coast inapatsidwa ma pick odzaza dengu pomwe imalowa mu 2011, pofika 2024 inali isanalaweko finals, magemu olimbirana chikho. Ndiye achimwene a Nyalugwe ali ndi chifukwa chosowera tulo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kabawi_3135
Nanga n'chifukwa chiyani inu a North mwapereka pick yanu yoyamba ya 2025 ku Richmond kuti mutenge Matt Whitlock pa 27? Ngati mudzathere pansi, mwawapatsa Richmond mphatso ya Khirisimasi.

Kangaroo_Wolira
Zimenezo musandifunse, ndinazimitsa TV.

Nyalugwe_wa_PuntRoad
Apo pokha ndinamwetulira, ndisaname. Chaka chamawa ndizisapota aliyense wosewera ndi North.

Mai_a_Tadala
Pepani ndilowerere. Ine ndine watsopano m'zimenezi, mwana wanga ndi amene wandikokera. Ndikuwerenga koma mutu ukuzungulira. Kwathu Bullets ikafuna wosewera wa timu ina imapita ndi ndalama n'kukambirana, basi. Kuno bwanji timu singangogula amene ikumufuna? Ndipo mwanayo alibe mawu pa za komwe akupita?

Mphunzitsi_Werribee
Mai a Tadala, takulandirani. Ndifotokoze pang'onopang'ono, ena apirire.

Mu AFL mulibe kugula wosewera ndi ndalama kuchokera ku timu ina ngati mmene zilili ku Super League kapena ku England. Mulinso malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, moti yolemera singangodzaza akatswiri okhaokha. Komanso timu yothera pansi situluka mu ligi. Matimu ndi 18 omwewo chaka ndi chaka. M'malo moilanga, yothera pansiyo ndi imene imapatsidwa mwayi woyamba kusankha mwa anyamata onse amene akukwanitsa zaka 18 chaka chimenecho. Yachiwiri kuchokera pansi imasankha kachiwiri, mpaka yotenga chikho imasankha pomaliza, kenako n'kuyambiranso. Zimenezi zinayamba mu 1986. Malo osankhirawo ndi amene tikuwatchula kuti pick, ndipo ali ngati ndalama: mu October matimu amasinthana, uyu kupereka wosewera, uyu kupereka ma pick, ngakhale a chaka chamawa.

Anyamatawo amaonedwa akusewera m'ligi ya achinyamata ya ku Victoria yotchedwa Coates Talent League, ena ku SANFL ya ku South Australia, ena ku WAFL ya ku Western Australia, komanso pa mpikisano wa zigawo wa osapitirira zaka 18. Chakumapeto amawaitanira ku combine komwe amawayeza liwiro pa mamita 20, kuthamanga makilomita awiri, kudumpha, ndi kuwafunsa mafunso ngati ofuna ntchito.

Za mawu a mwanayo, alibe. Akalembetsa dzina lake, timu iliyonse itha kumutenga. Mwana wa ku Adelaide amatha kugona ali kwa amayi ake Lachitatu, Lolemba ali ku Brisbane ndi chikwama. Amene atengedwa koyambirira pano amasayina zaka zitatu. Ufulu wosankha yekha kopita umadzabwera atatumikira timu imodzi zaka zisanu ndi zitatu.

Mai_a_Tadala
Zikomo aphunzitsi. Ndiye kuti ukalephera mayeso ndi pomwe umapatsidwa mphatso?

MphakaWaKardinia
Mwaigwira nkhani yonse m'mawu ochepa, mayi. N'chifukwa chake ena amaluza dala.

Mphunzitsi_Werribee
Nkhani yoluza dala inafika pofufuzidwa ndithu. Melbourne inalipitsidwa madola 500,000 mu 2013 pa zomwe zinachitika sizoni ya 2009, ngakhale chigamulo sichinanene kuti osewera analuza dala pabwalo. Kuyambira 2012 pick yapadera yothandiza timu yovutika sikhalanso yongobwera yokha, AFL imachita kuunika.

MphakaWaKardinia
Tsopano ndilankhule zenizeni, nthabwala pambali. Ine sindikhulupirira zogwetsa nyumba yonse kuti umange ina. Geelong siinathereko pansi pa tebulo m'zaka zonse zomwe ndakhala kuno, ndipo pick ya m'manambala oyambirira timaiona mwa apo ndi apo. Koma zikho 2007, 2009, 2011, 2022. Cha 2022 tinatenga ndi timu yomwe anthu ankaiseka kuti ndi ya nkhalamba, n'kukwapula Sydney ndi mapointi 81. Timatani? Tikafuna katswiri timapita kukamutenga: Patrick Dangerfield kuchokera ku Adelaide, Jeremy Cameron kuchokera ku GWS ngakhale anatidyera ma pick atatu a raundi yoyamba, pano Bailey Smith. Kwinako timatola zomwe ena aponda. Tom Stewart ankasewera mpira wa kumudzi ku South Barwon, tinamutenga pa 40 ali ndi zaka 23, lero ali ndi majekete asanu a All-Australian, timu ya osewera opambana m'ligi yonse chaka chilichonse. Mark Blicavs anali wothamanga wodumpha zipika, mpira ankangouonera patali. Lawson Humphries pa 63 chaka chatha, onani mmene wasewerera. Mwana akafika ku Geelong amapeza akuluakulu omuuza poima. Akafika ku Richmond chaka chino apeza ndani? Apeza ana anzake.

Nyalugwe_wa_PuntRoad
Apeza Toby Nankervis, Nick Vlastuin, Tom Lynch, Nathan Broad, Dion Prestia. Musayankhule ngati m'mudzi mwatha akulu onse.

MphakaWaKardinia
Eee, ndiye mwayamba kuikira kumbuyo zomwe mumadandaula m'mawa uja?

Nkhwazi_ya_Joondalup
A Mphaka, njira yanuyo imayenda chifukwa muli ndi nyanja, mafamu ndi bata, osewera amachita kupempha okha kubwera kwanu. Ife tinayesa. West Coast itatenga chikho 2018 tinati tiwonjezere kamodzi, tinapereka ma pick ambirimbiri kwa inu nomwe kuti titenge Tim Kelly mu 2019. Kelly sanalakwe, wasewera bwino ndithu. Koma akuluakulu anakalamba nthawi imodzi, ena kuvulala, ndipo kumbuyo kunalibe ana oti alowe chifukwa ma pick tinadya kale. Mu 2023 tinapambana magemu atatu okha. Ndinali ku Optus Stadium masiku amenewo, kota yachitatu anthu ali pamzere wa sitima kubwerera kwawo. Ndiye Richmond ikadakakamira anthu ake ikadafika pomwe tinafika ifepo. Ndipotu nawonso anayesa kale njira imeneyi, Tim Taranto ndi Jacob Hopper, aliyense kontirakiti ya zaka zisanu ndi ziwiri, mu 2022. Mwaiwala?

Chomwe chikundipweteka ine ndi china. Tinali ndi pick 3 chaka chino, tinaipereka ku Carlton, iwo n'kutenga Jagga Smith. Ife tinaitsitsa kuti tipeze Baker. Baker ndi munthu wolimba mtima, wa kuno kwathu, ndipo kochi watsopano Andrew McQualter akumudziwa kuchokera ku Richmond. Komabe Harley Reid akufunika mnzake wa msinkhu wake pakati paja, osati amalume.

Kangaroo_Wolira
Harley Reid mumusunga zaka zingati? Kwawo ndi ku Tongala, ku Victoria. Ife Horne-Francis anatha chaka chimodzi chokha n'kunena kuti akufuna kwawo ku Adelaide.

Nkhwazi_ya_Joondalup
Tulani nkhani imeneyo, ikundiwawitsa m'mimba.

Dokala_wa_Freo
Zofuna kwawozi ife a kumadzulo sitingadandaule nazo, timadyera momwemo. Luke Jackson anabwerera, Bolton wabwerera. Ndipo ine sindiwaweruza anawa. Tonse pagulu pano tikudziwa kukhala kutali ndi kwanu. Ine ndinabwera ndili ndi zaka 31, ndi banja, koma miyezi itatu yoyamba ndinkalira m'bafa. Nanga mwana wa zaka 18 amene nyuzipepala zikumulemba tsiku ndi tsiku?

Ndikukumbukira tsiku loyamba kuonera Fremantle pa TV mu 2013, ndinamva wolengeza akukuwa kuti Mzungu, Mzungu! Ndinadzuka pampando kuti kodi akutukwana ndani. Kuyang'ana bwino, ndi Tendai Mzungu, mnyamata wa magazi a ku Zimbabwe. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo timu ndinasankha tsiku lomwelo. Iyenso sanatengedwe ali ndi zaka 18, anayamba wavutika ku WAFL, koma anasewera Grand Final.

MphakaWaKardinia
Ndiye mwasapota timu yopanda chikho chifukwa cha dzina la munthu. Mulungu akuoneni.

Dokala_wa_Freo
Inu munasankha Geelong chifukwa munapeza ntchito kufupi ndi bwalo, tisanamizane.

Mai_a_Tadala
Kunena za kulira m'bafa, alipo akudziwa komwe ndingapeze ufa woyera wabwino chakumadzulo kwa Melbourne? Womwe ndinagula sabata yatha nsima yake ikumata ngati phala la ana.

Mphunzitsi_Werribee
Yesani m'mashopu a anthu a ku Africa ku Footscray kapena ku Sunshine, mufunse wa ku South Africa. Wachikasu wa m'masupamaketi uja usiyeni, ndi wa zina.

Kabawi_3135
Tabwererani ku mpira abale, ufa uli ndi gulu lake.

Khwangwala_SA
Nonse mukukangana za kugwetsa kapena kusagwetsa nyumba, koma mbava yeniyeni mwaisiya ikudutsa. Brisbane yatenga chikho mu September, kukwapula Sydney ndi mapointi 60. Mwa malamulo imayenera kusankha pomaliza. Koma yatuluka ndi Levi Ashcroft, amene ambiri ankamuika pa atatu oyambirira, chifukwa chakuti bambo ake Marcus anasewera kumeneko. Mkulu wake Will anabwera njira yomweyo mu 2022 ndipo ndi amene watenga Norm Smith Medal, mendulo ya wosewera bwino koposa pa Grand Final. Collingwood inapeza Nick Daicos chimodzimodzi, Bulldogs Sam Darcy. Chaka chatha Gold Coast inatenga ana anayi a mu academy yake, momwe imalera ana a m'dera lake, mu raundi yoyamba: Jed Walter, Ethan Read, Jake Rogers, Will Graham. Sydney ili ndi Isaac Heeney, Callum Mills, Nick Blakey, Errol Gulden, onse a academy. Ndiye draft yothandiza ofooka ili pati? Richmond ndi North akuvutika chaka chathunthu kuti apeze pick imodzi yabwino, wina akuitenga ali ndi chikho m'manja. Uku ndi kugawa chimanga cha thandizo kuyambira kunyumba kwa amfumu.

Mkango_wa_Gabba
Ndimadikira kuti wina ayambe. Choyamba, sitinabe, tinalipira. Melbourne itatchula dzina la Levi pa 5, ife tinayenera kupereka mapointi ofanana ndi pick imeneyo. Chachiwiri, lamuloli ndi la aliyense: bambo akasewera magemu 100 pa timu, mwana wake timuyo ili ndi mwayi woyamba. Marcus Ashcroft anasewera oposa 300. Mukufuna mwana wa munthu wotero akavale malaya a timu ina? Chachitatu, za academy. Kuno ku Queensland mwana aliyense amakula akufuna rugby league, Broncos ndiye mulungu wawo. Popanda academy ana amenewa sakadagwira n'komwe mpira wathuwu. Timu ikamulera kuyambira ali ndi zaka 12, mukufuna wina adzakolole? Ndipo ife sitinaiwale 2013, pomwe anyamata asanu anatichokera chaka chimodzi kubwerera kwawo.

Khwangwala_SA
Munalipira ndi chiyani? Fotokozani bwino anthu amve.

Mphunzitsi_Werribee
Apa a Khwangwala ali ndi mfundo. Pick iliyonse ili ndi mtengo wa mapointi, nambala wani ndi 3000, kumatsika choncho. Pa draft ya 2024 timu yofuna mwana wake inkachotseredwa 20 peresenti, ndipo yotsalayo itha kulipira pophatikiza ma pick ang'onoang'ono a kumapeto. Ndiye zili ngati munthu wagula mbuzi ndi thumba la makobidi oti pawokha sangagule ngakhale nkhuku. Matimu amachita dala kusinthanitsa pick imodzi yabwino ndi zing'onozing'ono zambiri kuti mapointi akwane. AFL yavomera kuti pali vuto, ndipo mu 2025 mitengo ya mapointi isintha, kuchotserako kutsika kufika pa 10 peresenti. Koma lamulo la bambo ndi mwana lenilenilo sindikuona likuchoka, anthu amalikonda. Ngakhale a Mphaka ali chete apa chifukwa Gary Ablett wamng'ono anamutenga pa 40, kuwonjezera Matthew Scarlett ndi Tom Hawkins.

MphakaWaKardinia
Ndinapita kukamwa madzi.

Mkango_wa_Gabba
Adelaide mukanakhala ndi ana ambiri a osewera anu akale oti n'kutenga, bwenzi a Khwangwala akuimba nyimbo ina.

Khwangwala_SA
Timu yathu inayamba 1991, ya Collingwood 1892. Mukuyerekeza mwana ndi gogo pa nkhani ya zidzukulu.

Bambo_a_Yamikani
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine nkhani ya draft ndimaionera pansi, osati pa TV. Mnyamata wanga ali ndi zaka 15, anayamba ndi Auskick, mpira wa ana aang'ono, ali ndi zisanu ndi chimodzi, pano ndi wamtali kundiposa ndipo amasewera ruck, malo a wamtali wolimbirana mpira m'mwamba, pa timu ya m'dera lathu. Chaka chino anaitanidwa kokayesedwa kuti alowe gulu la achinyamata osankhika. Ndinapempha tchuthi kuntchito, tinayenda ola lathunthu, kunja kukuzizira koti zala osazimva. Anamuika kutsogolo, malo oti sanasewerepo, mpira unafika mbali yake kawiri kokha. Kumapeto munthu wa kabuku m'manja anawerenga maina, lake panalibe. M'galimoto sanayankhule mpaka kufika kunyumba, nsapato anazisiya m'buti sabata yathunthu zikununkha.

Chomwe ndinaona tsiku lija n'chakuti ana ambiri osankhidwa ankadziwana kale ndi makochi, ena amaphunzira sukulu zolipira zodula zomwe zili ndi mabwalo awoawo ndi makochi amene anasewerapo AFL. Sindikunena kuti panali chinyengo, ana aja amautha mpira. Koma pofika tsiku lomwe inu mukuonera Lalor akuvekedwa malaya, sefa inayamba kalekale, ndipo siyambira pa luso lokha. Imayambira pa kholo lomwe lingathe kuchoka kuntchito Lachiwiri 4 koloko.

Dokala_wa_Freo
Bambo a Yamikani, muuzeni mnyamatayo asataye mtima, makamaka poti ndi wamtali. Aatali amachedwa kupsa. Dean Cox sanatengedwe pa draft yaikulu, analowera ku rookie, draft yaing'ono ya otsala. Max Gawn anatengedwa pa 34 ndipo zinamutengera zaka kuti akhazikike. Aliir Aliir, wobadwira ku kampu ya Kakuma ku Kenya, anadumphidwa chaka chake choyamba, Sydney n'kudzamutenga pa 44 chaka chotsatira, mu 2021 anali All-Australian ku Port Adelaide.

Mphunzitsi_Werribee
Komanso fufuzani za Next Generation Academy. Timu iliyonse kunja kwa zinayi za kumpoto (Brisbane, Gold Coast, Sydney ndi GWS) ili ndi dera lake komwe imalera ana a Aaborijini ndi ana ochokera m'mabanja obwera, a ku Africa ali m'gulu lomwelo. Onani kuti adiresi yanu ikugwera timu iti, muwalembere. Malamulo ake akhala akusinthasintha. Bulldogs itapeza Jamarra Ugle-Hagan pa nambala wani mu 2020 matimu ena analira, AFL n'kutseka, moti Melbourne inalera Mac Andrew koma Gold Coast ndi imene inamutenga pa 5. Chaka chino atsegulanso, ndi mmene Essendon yapezera Isaac Kako pa 13. Kwa mwana wanu phindu lalikulu si draft ayi, koma makochi ndi maso a anthu oyenera.

Bambo_a_Yamikani
Zikomo kwambiri akuluakulu. Sindimadziwa kuti ifenso tili m'gulu limenelo, ndimayesa ndi za anzathu a ku South Sudan okha. Ndifufuza. Nsapato zija anazitulutsa yekha, pano akuthamanga m'mawa uliwonse.

Nyalugwe_wa_PuntRoad
Akadzafika 18 tidzamutenga ife, tidzakhala tikadali pansi.

Kabawi_3135
Kubwerera ku funso lanu a Nyalugwe, pali china chomwe simunachiwerengere. Tasmania ikulowa mu 2028. Gold Coast ndi GWS pomwe zinkalowa zinasesa ma pick oyambirira zaka zingapo, ndipo matimu omwe anali pansi nthawi imeneyo anavutika kawiri, kuluza pabwalo n'kusapezanso mwana wabwino. Amene akufuna kumanga ndi ana amange pano chitseko chisanatsekedwe. Richmond yawerenga kalendala.

Koma osayembekeza kuti asanu ndi atatu onsewo adzaphuka. Pa dengu la mazira ena amasukusa. Hotton akuchokera kovulala bondo, Lalor naye chaka chino wavutika ndi kuvulala, aatali ngati Faull, Harry Armstrong ndi Luke Trainor adzafuna zaka zinayi kapena zisanu. Mukapezapo anayi osewera magemu 200, mwawina.

Kangaroo_Wolira
Ndipo nambala siilonjeza kanthu. Nat Fyfe 20, ma Brownlow awiri, mendulo ya wosewera wopambana m'sizoni. Lachie Neale 58, awiri. Patrick Cripps 13, awiri. Dane Swan 58. James Hird 79. Pomwe Paddy McCartin, nambala wani wa 2014, mpira unamuthera chifukwa chogundidwa m'mutu kambirimbiri, osati kulephera. Jonathon Patton naye anavutika ndi mawondo. Anthu a ma mock draft amalemba ngati aneneri mu November, pakatha zaka zisanu palibe amabwerera kudzawerenga zomwe analemba.

MphakaWaKardinia
Alipo wina pagulu pano analemba kuti Horne-Francis adzakhala kaputeni wa North zaka khumi. Sinditchula dzina, koma akulira.

Kangaroo_Wolira
Admin, chotsani munthu uyu.

Nyalugwe_wa_PuntRoad
Ndawerenga zonse, ena mwandilimbitsa, ena mwandiwonjezera BP. Ndinakhala pansi usiku n'kuwerenga zala. Jack Riewoldt tinamutenga 2006, Trent Cotchin ndi Alex Rance 2007, Dustin Martin 2009. Chikho chinabwera 2017. Kuchokera pa Cotchin ndi zaka khumi, ndipo pakati pake tinaluza finals yoyamba zaka zitatu zotsatizana, 2016 n'kuthera pa 13 anthu akufuna Hardwick achotsedwe. Chinatsiriza ntchito si draft yokha, koma kubweretsa Prestia, Nankervis ndi Josh Caddy chaka chimodzi pomwe ana aja anali atakhwima. Ndiye a Kabawi ndi a Mphaka nonse mukunena zoona, kungoti wina akunena za kubzala, wina za kukolola. Chikundiopsa ndi chakuti kochi Adem Yze sadzapatsidwa zaka khumi. Kochi womanga nthawi zambiri si amene amadzagona m'nyumbamo.

Zaka khumi kuchokera pano ndidzakhala ndi 57. Membership ndalipira kale, musandifunse chifukwa.

Mkango_wa_Gabba
Kochi wathu wa Brisbane Chris Fagan anayamba ndi wooden spoon mu 2017, pano ali ndi chikho. Amapezeka opirira.

Mai_a_Tadala
Wooden spoon ndiye chiyaninso? Amapatsidwa chipande chenicheni?

Mphunzitsi_Werribee
Ayi mayi, ndi dzina chabe la kuthera pansi penipeni. Palibe chomwe amalandira.

Mai_a_Tadala
Zachisoni. A Nyalugwe chikadakuthandizani kuomolera nsima. Ufa uja ndaupeza ku Footscray, zikomo.

Khwangwala_SA
Palibe wandiyankha za makobidi a Brisbane.